Kabokosi kanalira, ine ndinakatseka pakamwa

Udindo woyang'anira makompyuta pa kampani yathu yosindikiza ku Limbe sindinaufunsire. Ndinalembedwa ntchito yokonza makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi makalendala. Koma tsiku lina pulinta itatafuna pepala ndinalisolola osang'amba, ndipo kuyambira pomwepo chilichonse chokhala ndi waya chinakhala changa, ndi ketulo yomwe. Mnyamata amene ankazidziwadi zinthuzi anali akutsanzika, ulendo wa ku Johannesburg. Anandilozera kabokosi kakuda pansi pa tebulo la ku akaunti n'kunena kuti imeneyo ndi seva, muli madisiki anayi a 2 TB iliyonse, ndipo ntchito zonse za makasitomala, ma invoice ndi za malipiro zili mmenemo. Nditafunsa kuti nanga ikafa, anati ndisade nkhawa, ndi RAID 5, disiki imodzi ikafa palibe chotayika. Liwu lakuti "imodzi" linandidutsa.

Zomwe ndikudziwa lero ndinaziphunzira mochedwa. RAID 5 imadula fayilo tizidutswa n'kutimwaza pa madisiki onse. Pa tizidutswa titatu tilitonse, makina amawerengera kachinayi kotchedwa parity. Zili ngati ku banki m'khonde: mayi wina wasonkha K2,000, wina K5,000, wina K3,000, mlembi n'kulemba K10,000 pansi pake. Mmodzi akaiwala zomwe anaponya, mumangochotsera, yankho latuluka. Akaiwala awiri, konzekani ndewu. Masamu enieni a makinawo ndi otchedwa XOR, ndipo ulembiwo madisiki amalandizana, koma nzeru yake ndi yomweyo. Njirayi inatchuka ndi pepala lomwe David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku yunivesite ya California ku Berkeley anatulutsa mu 1988. Anthu ophunzira ngati amenewo sanaganizepo zoti makina awo adzagwa m'manja mwa munthu wonga ine.

Mu Meyi kabokosi kanayamba kulira. Tii, tii, tii, tsiku lonse. Mayi a ku akaunti anati mutu ukuwapweteka, ndichitepo kanthu. Ndinalowa m'kati mwa pulogalamu yake, ndinaona mawu ofiira omwe sindinafune kuwawerenga bwino, kenako ndinapeza batani loletsa phokoso. Zii. Kanatsala kanyale kachikasu komwe kankaphethira pa chitseko chachitatu. Ako ndinakamata ndi tepi yakuda ya amagetsi. Mafayilo ankatsegukabe bwinobwino. Mayi aja anandigulira mandasi awiri, n'kuuza aliyense kuti mwanayu ali ndi mutu.

Novembala ndi mwezi wa makalendala, pomwe mipingo, masukulu ndi mashopu onse amafuna zawo dzulo. Lachisanu lina masana kunagwa chimvula cha ziphaliwali, magetsi n'kuthima. UPS yathu inali itasiya kale kusunga moto, imagwira ntchito ngati poikapo maluwa apulasitiki. Magetsi atayaka, kabokosi kanayaka nawo, koma foda ya kampani inalibe kanthu. Nyale yachikasu tsopano inali pa chitseko china, chopanda tepi.

"Mphwanga, zatani?" anafunsa abwana, kasitomala wa kwaya ina atayima kumbuyo kwawo ndi lisiti m'manja.

"Magetsi, bwana. Apsereza madisiki awiri nthawi imodzi."

"Nanga backup ija tinagula?"

Backup inalipo, m'dirowa mwanga. Inali disiki yonyamula m'manja yomwe ndinkayenera kumakoperamo ntchito Lachisanu lililonse. Ndinakoperamo masabata oyambirira okha. Kenako malo anandichepera, ndinafufuta zakalezo poti zili kale pa seva, n'kudzazamo mafilimu a ku Nigeria ndi magemu a mpira. Pofuna kufewetsa nkhani ndinawauza abwana kuti zoterezi zimagwera ndi akuluakulu omwe. Mu 1998 ku Pixar munthu wina analemba lamulo lolakwika lomwe linafufuta mbali yaikulu ya filimu ya Toy Story 2, ma backup awo n'kupezeka kuti ngosadalirika, ndipo anapulumukira pa kompyuta ya Galyn Susman, mayi yemwe ankagwirira ntchito kunyumba chifukwa anali ndi khanda. Abwana anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye wathu mayi wa khandayo ali kuti?"

Ndinalonjeza kuti pofika m'mawa zonse zikhala zitabwerera.

Anthu ataweruka ndinazula madisiki onse anayi n'kuwaunjika patebulo. Zolemba manambala kuti iyi inali pa chitseko chakuti sizinandifikire m'mutu. Onse anali ofanana, ndiye ndinati palibe kusiyana. Ndinawalumikiza ku kompyuta yaikulu yojambulira, n'kuyatsa Linux ya pa fulashi, poti ndinali nditawerenga pa foni kuti mabokosi ambiri oterewa m'kati mwake amayendera Linux ndi pulogalamu yotchedwa mdadm. Lamulo loyamba linali losalakwa, longofunsa disiki iliyonse kuti ndiwe yani. Sikirini inadzaza manambala. Sindinamvepo kanthu, koma zinkaoneka zaukatswiri, moti ndinajambula zithunzi kuti ndiike pa WhatsApp anthu aone kuti ena sitigona.

Nditalamula kuti madisiki alumikizane, mdadm inakana, inati awiri okha ndi amene akugwirizana, sakukwana. Apa m'pomwe munthu wanzeru akanazimitsa kompyuta n'kupita kukagona. Ine ndinapitiriza kufufuza mpaka ndinapeza lamulo lina lokhala ndi liwu lakuti create. Pulogalamuyo inandichenjeza kuti madisikiwa akuoneka kuti ali kale m'gulu lina, kodi ndipitirizedi? Funso laulemu ndithu. Ndinadina y.

Manambala anayamba kukwera, 1%, 2%, ine n'kuwira tiyi mokondwa, poganiza kuti mafayilo akubwerera. Chomwe chinkachitika n'chakuti ndinali nditafufuta zizindikiro zomwe disiki iliyonse imasunga zonena malo ake m'gululo, ndipo makina anali kalikiliki kulemba parity yabodza pamwamba pa disiki yomwe ndinaitchula pomaliza. Foda sinatsegukebe. Malangizo otsatira anati ndiyendetse fsck, yokonza dongosolo la mafayilo, ndiwonjezere -y kuti izingovomera yokha mafunso onse. Ikanayenda pa madisiki osokonezeka chonchija, ikanayesa kukonza chilichonse chomwe sikuchimvetsa, kutanthauza zonse. Ndinalemba lamulolo. Chala chili m'mwamba kuti chigwere pa Enter, magetsi anathimanso. Ndinatukwana mumdimamo mawu omwe sindingawalembe pano.

Loweruka m'mawa abwana anabwera ndi mwana wa mlongo wawo, mtsikana wodekha yemwe amayang'anira maseva pa kampani ina yaikulu mu Blantyre. Anayang'ana madisiki, anayang'ana ine.

"Achimwene, manja m'thumba kaye. Mundiuze chilichonse chomwe munalemba, osadumpha."

Nditafika pa create anatseka maso. Nditafika pa fsck anagwira m'mphepete mwa tebulo, ndipo atamva za magetsi anati ndikapereke chopereka cha mathokozo kutchalitchi. Kenako anafunsa ngati pali paliponse pomwe panatsala zomwe madisiki ankanena ndisanawasokoneze. Ndinatulutsa foni monyadira.

Anakulitsa zithunzi ndi zala ziwiri. Pa disiki iliyonse pamakhala mzere wonena tsiku lomwe inalembedwa komaliza. Atatu ankanena Novembala. Imodzi inkanena Meyi.

"Malume, magetsi apha imodzi yokha. Inayi inafa kalekale. Kabokosika sikanalire?"

Mayi a ku akaunti, omwe anabwera kudzaonerera, anati kanalira, koma mwanayu anakonza. Mtsikanayo anawerama, anakanda tepi ija ndi chikhadabo n'kuipereka kwa abwana. Iwo anaigwira nthawi yaitali osanena kanthu, ine ndikuwerenga matailosi.

Mtsikanayo anatifotokozera kuti kuyambira Meyi madisiki atatu otsalawo ankasenza ntchito ya anayi, chifukwa kachidutswa kalikonse ka disiki yakufayo kankachita kuwerengeredwa kuchokera kwa onse atatu. Onse anagulidwa tsiku limodzi, azungulira maola ofanana, ndiye kukalamba kwawo n'kwa pamodzi. Ngakhale tikanasintha disikiyo nthawi yomweyo, makina akanayenera kuwerenga 6 TB yonse osaphonya, pomwe opanga madisiki wamba amalemba okha kuti kuphonya kumodzi kutha kuchitika pa ma bit 10^14, omwe ndi pafupifupi 12 TB. N'chifukwa chake ambiri masiku ano amasankha RAID 6, yomwe imapirira madisiki awiri. Koma mwayi wa chitsiru unali nane: disiki yomwe ndinaitchula pomaliza, yomwe ndinailemba zinyalala usiku uja, inali ya mu Meyi yomweyo, yomwe sakanaigwiritsanso ntchito.

Iye sanakhudze madisiki athu kupatula kuwakopera. Abwana anatumidwa m'tauni kukagula atsopano atatu, ndipo anabwerako akuyenda pang'onopang'ono. Pokopera mtsikanayo anagwiritsa ntchito ddrescue, pulogalamu yaulere yomwe khalidwe lake ndi losiyana kwambiri ndi langa. Imayamba yatenga malo onse owerengeka mosavuta, ikafika povuta imadumpha n'kulemba pa mapu ake, ndipo imabwererako pomaliza kukatolera kachidutswa kamodzikamodzi. Disiki ya mu Novembala inkati ikafika pa malo owonongeka imalira kuti tcheke, tcheke, tonse n'kugwira mpweya. Tinabwereka jenereta kwa owotcherera zitsulo a kuseri kwathu. Ntchito yanga pa zonsezi inali yonyamula chigubu kukagula petulo.

Panatsala vuto la ndondomeko. Zithunzi zanga zinaonetsa kuti tizidutswa tinali ta 64K, pomwe lamulo langa lija linaika 512K. Koma mzere wapansi penipeni, wonena kuti disiki iyi ndi yachingati, ndinaudula pa zithunzi zonse, chifukwa ndinkafuna kuti kapu ya tiyi ndi wotchi yanga zionekere. Madisiki atatu ndi mpando umodzi wopanda munthu angathe kukhala m'njira 24, ndipo yolondola ndi imodzi. Mtsikanayo anayamba kuziyesa pa makope aja, atatchinga kuti pasalembedwe kalikonse. Njira zambiri zinkangokana. Zina zinkatsegula foda, mayina a mafayilo n'kuoneka, ine n'kudumpha; iye amangoti dikirani, n'kutsegula chithunzi chachikulu cha kalendala ya kwaya ija. Chinkatuluka ndi mizeremizere yobiriwira ndi yapinki yodutsa pankhope za oimba, pakamwa pali apa, mphuno ili uko. Kafayilo kakang'ono katha kukwana m'kachidutswa kamodzi n'kukunamizani kuti zatheka, koma chithunzi chachikulu chimadutsa pa madisiki onse.

Lamulungu madzulo chithunzicho chinatsika choyera kuyambira pamwamba: denga la tchalitchi, mizere itatu ya amayi a mayunifolomu oyera, ndi wotsogolera kwaya atavala suti yatsopano yomwe chizindikiro cha sitolo chinali chikadali pamkono. Abwana anakhala pansi pa katoni ya mapepala. Usiku womwewo zonse zinakoperedwa pa disiki ya backup ija, mafilimu anga atasamutsidwa popanda kundifunsa.

Sizinabwerere zonse. Malo ochepa omwe ddrescue inalephera kuwerenga anasiya mabowo, ndipo parity yowatsekera inali itapita ndi disiki ya mu Meyi. Mtsikanayo anatulutsa mndandanda wa mafayilo okhudzidwa: makhadi angapo a maukwati akalekale, chikwangwani cha sitolo ina yomwe inatsekedwa, ndi fayilo ya ku akaunti yolembamo ngongole za apantchito, ndalama zomwe timatapa mwezi usanathe. Dzina langa linali lodziwika bwino m'fayilo imeneyo. Ndinayesetsa kuoneka wachisoni, mpaka ndinapukusa mutu n'kunena kuti zachitika n'zomvetsa chisoni.

Lolemba m'mawa mayi a ku akaunti anatsegula dirowa yapansi n'kutulutsa kope lachikuto cholimba, lomangidwa ndi mphira. Ananyowetsa chala, anatsegula masamba, n'kuyamba kuwerenga mokweza dzina langa, mwezi ndi mwezi, kuyambira Januwale. Abwana anasuzumira pakhomo.

"Mayi, pansi pakepo muwonjezerepo madisiki atatu ndi petulo."