Fumbi Lokwera Njovu

Akuluakulu adati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Ine ndinkayesa mwambiwu ngwa anthu okha, osadziwa kuti nalo fumbi lakumwamba limakwera njovu.

Mlamu wanga wa m'tauni adabwera ku Kachulu ndi makina oonera patali, ati tikaone Nsangwe usiku wopanda mwezi. Ati nyenyezi zimenezi zazingidwa ndi fumbi lowala mwa buluu, koma lilibe moto wakewake: limangobweza kuwala kwa nyenyezi zimene layandikana nazo. Wilhelm Tempel adaliona mu 1859 pambali pa nyenyezi yotchedwa Merope, ndipo mu 1912 Vesto Slipher adaliyalutsa, kuti kuwala konseko nkobwereka. Chibalenso pakati pa fumbilo ndi nyenyezizo palibe. Nsangwe zikungodutsamo paulendo wawo.

Ndidati, "Alamu, fumbi limeneli ndikulidziwa." Ndi mnyamata uja amajambulitsa atatsamira galimoto ya wogula matemba, m'mawa mwake pa Facebook walemba kuti Mulungu wayankha. Ndi uja adangonyamula chikwama cha phungu pa kampeni, lero moni amayankha ndi nsidze. Ndi ife tomwe: nyanja ya Chilwa ikadzaza, makumba ali mbwee, timaiwala 1995 ndi 2018 pamene mabwato a ku chilumba cha Chisi adagona pamatope ong'aluka ngati mbale zosatsuka.

Koma kuliona fumbilo ndi ntchito. Foni uzimitse, maso azolowere mdima, udzudzu uukhululukire. Ndipo suliyang'ana maso ndi maso ayi, limathawa. Umaliba ndi m'mbali mwa diso, mmene mkamwini amaonera apongozi akudutsa. Khosi lidauma. Pali anthu, adatero mlamu, amene amagona panja chaka ndi chaka kusaka timitambo totere, tina tosadziwika nkomwe, tokhala ndi nambala m'malo mwa dzina. Ndidawamvera chisoni akazi awo.

Pakati pa usiku ndidakuwa, "Ndaliona, alamu!" Kankhungu kadali katakuta Merope bwinobwino. Ndidadzimva ngati Tempel wa ku Kachulu, ndipo ndidayamba kale kuganiza zolemba pa Facebook. Nditasuntha pang'ono, nyenyezi inanso ili ndi kankhungu kake. Inanso chimodzimodzi. Nditatsitsira kudooko, nayo nyali ya msodzi ili nako.

Mlamu adalanda makinawo, napukuta galasi ndi malaya, nandibwezera. Kankhungu konse zii.

"Alamu," adatero, "amenewo ndi mame."