Mwana Wathu Ali ku Chicago

Mwana wa ku Kamwala akapeza malo pa yunivesite ya ku Chicago, oyamba kusintha ndi amake. Mayi amene dzulo ankakangana ndi wogulitsa tomato pa Luburma Market chifukwa cha mbasela, lero akupereka moni ndi nsonga za zala. Mukati, "Mwauka bwanji ba neba?" yankho lake ndi lakuti, "Ife tauka, koma ku Chicago ukadali usiku." Sakunama ayi, kumeneko nthawi imatsalira ndi maola 7 kapena 8. Chovuta n'chakuti palibe amene wafunsa.

Ulendo usanayambike pamakhala msonkhano wa banja. Sukulu yatumiza chikalata chotchedwa I-20, ndipo ofesi ya kazembe wa America ku Ibex Hill ikufuna umboni woti ndalama za chaka choyamba zilipo. Pali madola 350 a SEVIS, palinso madola 185 a viza ya F-1, osabwezedwa ngakhale akukane. Apa m'pamene chibale chimaoneka. Azakhali a ku Matero abweretsa za chilimba, atsibweni a ku Chawama agulitsa firiji, atate ake apita mwakachetechete kwa wa kaloba. Aliyense woponyapo kwacha akulemba mumtima kuti wagula gawo la mwanayo, ndipo phindu lidzabwera m'madola.

Tsiku la mafunso a viza nyumba yonse isala kudya. Mnyamata wavala suti yobwereka, waloweza mayankho sabata yathunthu, koma pawindo nkhani yatha m'mphindi zochepa. Madzulo amake akuchitira umboni kutchalitchi kuti mzungu wa pawindo uja anachita kunjenjemera ndi Chingerezi cha mwana wawo.

Amalume a ku Kanyama okha ndiwo sakutekeseka. "Manje chachilendo n'chiyani?" akutero. "Ine ndimadutsa mu Los Angeles m'mawa ndi madzulo, nthawi ya mvula nsapato zili m'manja." Akunena Los Angeles Road, msewu wa kwawo uja. Lusaka ndi Los Angeles ndi mizinda yopalana ubale, ndipo amalume amaona kuti ubalewo unawapatsa kale ulemu wonse wa munthu woyenda, popanda kulipira viza.

Kenako kugula jekete. Ku Chicago mu Januwale madzi amauma gwaa panja, ndipo mphepo yochokera ku Lake Michigan sichitira chisoni mlendo. M'masitolo a amwenye ku Kamwala muli zikwama, nsalu ndi mapoto, koma jekete ya chisanu chotere imapezeka pa salaula. Motero chovala chimene mzungu anachitaya, chinawoloka nyanja m'belo n'kudzagona pa thebulo m'Lusaka, chikubwerera kwawo pa ndege ndi tikiti yolipiridwa ndi kaloba. Pulofesa Karen Tranberg Hansen wa pa Northwestern University, pafupi ndi Chicago pomwepo, analemba buku lonse lonena za salaula wa ku Zambia m'chaka cha 2000. Mnyamata wathu akadzalipeza mulaibulale adzaliwerenga atavala umboni wake.

Chikwama chimaloledwa makilogalamu 23, koma mtundu wabweretsa zokwana ngolo: kapenta, nyemba, chibwabwa chofutsa, nsinjiro, mthiko, ndi unga poopa kuti azungu sadziwa chigayo. Mabuku ndiwo oyamba kutulutsidwa. Pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda wokwera ndi mmodzi, operekeza adzaza minibasi ziwiri, ndipo olira kwambiri ndi aja sanaponyepo ngakhale ngwee.

Akafika, chithunzi choyamba amajambulitsa ataima pafupi ndi galimoto ya eni ake, kumbuyo kuli nyumba zosanja. Chithunzicho chikangolowa pa WhatsApp ya banja, foni yake simapumanso. Msuweni akufuna iPhone, mlamu akufuna nsapato, wa kwaya akufuna kiyibodi ya mpingo. Achibalewa amaimba 9 koloko m'mawa, pomwe ku Chicago kuli pakati pa usiku, ndipo akapanda kuyankha mlandu wagamulidwa: "Wayamba kudzimva, wasanduka wa apamwamba."

Zimene chithunzi sichionetsa n'zakuti lamulo la viza yake limamulola, popanda chilolezo chapadera, kugwira ntchito pasukulu pokha, maola osapitirira 20 pa sabata nthawi ya maphunziro. Mnyamata amene ku Kamwala sankadziwa kumene kumakhala chikolopa akutsuka mbale m'kantini, amagona chipinda chimodzi ndi anzake, ndipo lendi ikamudya amagonera buledi ndi tiyi. Akatumiza madola 50 amakhala atadzimana sabata yonse. Kuno amake amakatenga ndalamayo atavala chitenge chatsopano, n'kuyenda pang'onopang'ono kuti ba neba aone bwino.

Pofika chaka chomaliza, mndandanda wa opita kukaona mwambo wolandira digiri watalika ngati mzere wa pachigayo. Koma mu Ogasiti 2025 boma la America linalengeza kuti nzika za Zambia ndi Malawi zofuna viza yokacheza zizisiya chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Atangomva zimenezi, azakhali anakumbukira kuti ndege imawachititsa chizungulire, atsibweni anati mwambo umaoneka bwino pa foni, ndipo amalume anati iwo ananena kale kuti Los Angeles wa ku Kanyama ndi wokwanira.

Akadzabwera kutchuthi timuyesanso mayeso ena. Akalankhula Chinyanja chosalala, tidzati ndalama zathu zinapita pachabe, munthu sanasinthe n'komwe. Akatulutsa mawu m'mphuno, tidzati waiwala kwawo. Akapempha madzi a m'botolo ndi wonyada, akamwa a pampopi n'kudwala m'mimba tidzati wamulodza ndi neba.

Inu a ku Kamwala, Mtendere ndi George amene muli ndi mwana kutsidya la nyanja, kumbukirani kuti munatumiza wophunzira. Musanamuimbire yang'anani wotchi n'kuchotsapo maola aja, mumufunse ngati wadya, ndipo za iPhone mudikire ayambe wamaliza sukulu ndi kubweza ngongole ya atate ake.