Mlomo wa ku Joni Wafika pa Lizulu

Mtsikana wina atatsika basi ya ku Joni, amayi a tomato pa Lizulu anasiya kuitanira makasitomala. Chikwama chinali chapamwamba, wigi yofika m'chiuno, koma maso onse anali pamlomo, womwe unatsogola mwini wake akubwera m'mbuyo.

Kuno munthu wotupa sasekedwa, amapepesedwa.

"Pepani mwanawe. Ndi njuchi?"

"Ayi, mayi."

"Mavu?"

Amayi a anyezi anamukokera pambali n'kutsitsa mawu. "Ngati ndi abambo akunyumba, nenani. Kupolisi kuli Victim Support."

"Ndi jakisoni, mayi. Ndinachita kulipira."

Msika unati zii. Ngakhale wa kabaza anazimitsa njinga kuti amve bwino.

Mtsikanayo anafotokoza, mawu akutuluka movutikira. Dokotala amabaya m'milomo mankhwala otchedwa hyaluronic acid, omwe amagwira madzi, mlomo n'kufufuma. Thupi lathu limapanga lokha mankhwalawa m'khungu ndi m'mfundo, n'chifukwa chake limawamwa pang'onopang'ono. Pakatha miyezi 6 mpaka 12, mlomo wabwerera mwakale, upitenso ndi ndalama zina. Akabaya molakwa, n'kutseka mtsempha wa magazi, khungu limatha kufa. Pamafunika jakisoni wina, wa hyaluronidase, wosungunula woyambayo. Ameneyonso sakhala waulere.

Apa anthu a Lizulu anafika pa nkhani imene amaidziwa. Awa ndi anthu amene sangagule mulu wa kachewere osapempha basela.

"Ndiye kuti mlomowu si wanu," anatero amayi a kabichi, akuwerenga zala. "Mukuchita lendi."

"Ndi fashoni, mayi. Kylie Jenner wa ku America anavomera yekha mu 2015 kuti anabayitsa."

"Ameneyo kwawo kulibe milomo?"

Funsoli ine ndinaliona lanzeru. Milomo yomweyi tinkanyozedwa nayo, ana akutchulana mayina kusukulu mpaka kulira. Lero ikugulitsidwa pa mililita, ndipo ife amene tinaipatsidwa yaulere tayamba kupita kukawonjezera. Komanso tisanamizire azungu zonse. David Livingstone atafika ku Shire mu 1859 anapeza amayi a Chimang'anja ataboola mlomo wam'mwamba n'kuikamo pelele, ndipo anadabwa mpaka kulemba m'buku. Koma pelele ankagula kamodzi.

Vuto lina ndi malo. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, uku Malawi, uko Mozambique. Mnyamata wina wonyamula matumba analangiza mtsikanayo mwaulemu kuti, "Asisi, musaime moyang'ana tsidya ilo, mlomo ungalowe ku Angonia wopanda pasipoti." Ndiponso mphepo ya mu June kuno sisankha. Imang'amba mlomo wa mlimi ndi wa ku Joni mofanana, onse n'kukakumana pa botolo la Vaseline.

Atamupatsa chimanga chootcha cha malonje, mtsikana uja anachiyang'ana mwachisoni n'kupempha Fanta ndi kapaipi. Amayi aja anagwedeza mitu, nati apite bwino, apereke moni kunyumba. Atangokhota, msika wonse unayamba kuyeserera milomo, wina akufunsa mnzake ngati yake yakwana.

Pofika madzulo, mnyamata wa chiwaya anali atasinja kambuzi wodzaza mbale, akukuwa kuti, "Jakisoni wa mlomo pano! Sipuni ziwiri mwafika Joni! Kwacha tikulandira, metical tikulandira!" Amayi a kabichi anafunsa ngati pali basela.