Malipiro, Sitalaka ndi Nkhani Ija Timaitsitsira Mawu

Tsiku la apantchito la pa 1 May limatha ndi zolankhula za akuluakulu pa wailesi, koma kuno kwathu nkhani yake imayamba mawa lake. Kuchokera pa Mponela mpaka pa Malomo, pa Madisi mpaka pa Mvera, aliyense amadzuka ali katswiri wa malamulo a ntchito: wometa, wokazinga tchipisi, kondakitala wa minibasi, ngakhale agogo amene anasiya kulembedwa ntchito Kamuzu akadali pampando. Ofesi ya yuniyoni ambirife sitinapondemo, koma mutifunse za yuniyoni, tikuyankhani mpaka tiyi azizire.

Ena akuti yuniyoni ndi sitalaka basi, anthu ofuna kulipidwa atakhala pansi pa mtengo. Ena akulumbira kuti ndi kagulu ka abwana a mataye ku Lilongwe, kodula ndalama pa malipiro a anthu mwezi ndi mwezi n'kumakadyera kunyanja m'dzina la misonkhano. Palinso amene amati zonsezi ndi ndale: mtsogoleri wa apantchito akakuwa kwambiri ndiye kuti akufuna mpando, akakhala chete ndiye kuti wadya kale. Nanga munthuyo atani? Bwalo lathu la pansika limamupeza wolakwa asanatsegule n'komwe pakamwa.

Aphunzitsi ndiwo amatchulidwa msanga, poti ndi apantchito amene mudzi uliwonse uli nawo. Tonse tikukumbukira 2021, pamene Teachers Union of Malawi inaitanitsa sitalaka pofuna ndalama ya chiopsezo cha Covid-19, ana n'kukhala pakhomo. Makolo ena sanakhululukebe. Koma makolo omwewo, mukawakumbutsa za mphunzitsi wa kuseri kwa phiri ku Nthondo, amene amakankha njinga m'chitunda kukalandira malipiro otha lisanafike tsiku lakhumi, amapukusa mutu n'kuti boma lilibe chisoni. Ndiye ulesi uli pati, nkhanza zili pati? Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo kuti wolemba ntchito azitha kudula malipiro a munthu amene wanyanyala kupitirira masiku atatu pachaka, ndipo Malawi Congress of Trade Unions inakana kwamtuwagalu. Nkhaniyo pofika kuno inali itanenepa: akuti sitalaka inathetsedwa, wonyanyala azipita kundende. Ayi ndithu. Ufulu wonyanyala ukadali m'ndime 31 ya malamulo aakulu a dziko, pamodzi ndi ufulu wolowa bungwe la apantchito. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano thumba limalira msanga, ndipo kwa munthu wolandira zochepa kusinthako si kwamasewera.

Achikulire akamva achinyamata akunyoza yuniyoni amakonza kukhosi. Amati ufulu umene mukutukwanira boma pa foniwu munaupeza pati? Apa ali ndi mfundo. Chakufwa Chihana, amene anamangidwa atangotsika ndege pa bwalo la ku Lumbadzi pa 6 April 1992, anali mlembi wamkulu wa mgwirizano wa mabungwe a apantchito a kumwera kwa Africa kuno. Mwezi wotsatira apantchito a ku David Whitehead ku Blantyre ananyanyala, moto n'kufalikira mpaka ku Lilongwe, anthu makumi angapo n'kutaya miyoyo. Riferendamu ya pa 14 June 1993 sinagwe kumwamba. Chokoma n'chakuti aliyense wa imvi pa Dowa Turn-off anaona Chihana akugwidwa ndi maso ake. Wina akuti anali kuseri kwa mpanda, wina akuti ndiye anatsala pang'ono kumunyamulira chikwama. Onse amene analipo tsikulo akanakhalapodi, bwalo la ndege likanadzaza mpaka ku Mponela. Tisawatsutse kwambiri: anthu amene anakulira pafupi ndi Dzaleka ili ndende ya andale akudziwa mtengo wa kulankhula kuposa ife.

Mkangano umafika potentha ukalowa m'chigafa. Dowa ndi Ntchisi ndi maboma a fodya, ndipo fodya wathu kwa zaka zambiri wakhala pamsana pa matenanti, ambiri ochokera kumwera, obwera pa lole ndi mkazi, ana ndi kamtolo ka ziwiya. Amene anaonapo kabuku ka bwana wa munda sangakaiwale. Chikuto chake chakuda ndi phula la fodya, m'katimo mizere ya bolopeni: ndowa ya chimanga, mchere, sopo, mankhwala a mwana atadwala malungo, khasu lothyoka mpini. Banja lonse lafesa nazale, lawokera, lathyola, lasoka, lasankha magiredi mpaka zala kuuma. Mabelo akabwera ku okushoni ku Kanengo, bwana amanyowetsa chala n'kuyamba kutsegula masamba, ndipo tenanti amaima chapatali chipewa chili m'manja, kudikira kumva ngati watsala ndi kanthu kapena watsala ndi ngongole.

Mu 2021 lamulo linaletsa ulimi wa matenanti. Ena akuti basi, ukapolo unatha. Ena akuti chinatha ndi dzina lokha, kabuku kakadali m'thumba la jekete. Eni minda nawo ali ndi dandaulo lawo, ndipo si lopanda mutu: ndimulipire bwanji munthu mwezi ndi mwezi pamene ineyo ndimaona ndalama kamodzi pachaka, kampani itadula kale ngongole ya feteleza? Apa m'pamene ambirife timayamba kuyang'ana pansi, chifukwa kuno bwana ndi wantchito nthawi zambiri ndi munthu mmodzi. M'mawa ali ku ofesi kudandaula kuti malipiro ndi ochepa, madzulo ali kumunda kukangana ndi waganyu pa mtengo wa mzere. Malipiro otsikitsitsa atakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu 2024, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, tinaombera m'manja tonse. Funsani tsono kuti mlonda wa pagolosale kapena mtsikana wolera ana kunyumba kwathu anamva kusintha kotani. Pamenepo nkhani imasanduka ya mvula.

Pali ndi mphekesera ya mapaundi. Zoona zake n'zakuti mu 2019 dziko la America linaika chiletso pa fodya wa ku Malawi chifukwa cha nkhani zogwiritsa ana ntchito ndi ntchito yokakamiza, ndipo mu 2020 maloya a ku London anatsegulira mlandu makampani a British American Tobacco ndi Imperial m'malo mwa matenanti ndi ana awo. Pofika pa Madisi, nkhaniyo inali yakuti aliyense amene anagwirapo tsamba la fodya alandira chipukuta misozi, ndipo anthu amene sanasokepo ndi ndawala imodzi yomwe anayamba kukumbukira zowawa za m'chigafa.

Tsono pali nkhani ija timaitsitsira mawu. Kawirikawiri amaiyambitsa ndi mnyamata wobwera ku Joni, amene amati kumeneko COSATU, bungwe lalikulu la apantchito, limaikira kumbuyo poyera amuna okondana ndi amuna anzawo ndi akazi okondana ndi akazi anzawo. Akangotero, benchi yonse imagwedezeka. Wina akuti mwaona, ndimanena ine, mayuniyoniwa ndi khomo lolowetsera zachilendo. Wina akuti ndalama za azungu zili pamenepo. Wina, amene mphindi zapitazo amalalikira kuti wantchito aliyense ndi munthu, akuti koma awa ayi.

Pa nkhani imeneyi timadzitsutsa tokha mochititsa chidwi. Timati kuno kulibe, ndi za m'tauni, koma aliyense ali ndi dzina limene akufuna kukunong'onezani. Timati zinabwera ndi azungu, pamene chimene tikudziwa bwino kuti chinabwera ndi azungu ndi lamulo lozilanga, lija la m'nthawi ya atsamunda, limene ndime yake ya 153 imapereka zaka 14 m'ndende. Madala amene anapita ku Wenela amangoti phee, chifukwa za m'makomponi a kumigodi anaziona kalekale mabungwe a masiku ano asanabadwe. Timatinso boma linaloleza kale mwakachetechete. Ayi. Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga analamulidwa zaka 14 pa mlandu wotere mu 2010, n'kukhululukidwa ndi Bingu wa Mutharika pamene Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa bungwe la maiko onse panthawiyo, anali m'dziko muno. Mu 2012 boma linati liyamba laimika kumanga anthu pa milandu yotere, koma lamulo silinafufutidwe. Mu July 2023 mipingo ndi Asilamu anayenda m'misewu kukana maukwati otere, ndipo pa 28 June 2024 khoti linakana pempho la Jan Willem Akster ndi Jana Gonani lofuna kuti ndime zolanga milandu yotereyi zithetsedwe. Amene akuopa kuti mawa kudzakhala ukwati wotere pa Boma la Ntchisi agone tulo, lamulo la maukwati la 2015 limanena za mwamuna ndi mkazi.

Komatu funso la apantchito si la ukwati. Anthu a kuno ndi opemphera, a Nkhoma Synod kuyambira masiku a mishoni ya Mvera ndi Kongwe, Akatolika a ku Nambuma, Asilamu, a mipingo ya chipulumutso, ndipo palibe akuwauza kuti asinthe zimene amaphunzitsa pa guwa. Funso ndi ili: munthu wagwira ntchito mwezi wathunthu, wasesa, waphika, walondera usiku, kenako bwana wamva manong'onong'o okhudza moyo wake, n'kumuthamangitsa opanda notisi, opanda malipiro. Kodi ndalamazo ndi zake kapena si zake? Ena akuti adziwa yekha, anazifuna dala. Ena, ndipo si ochepa ngakhale amalankhula motsitsa, akuti tchimo ndi la iye ndi Mulungu wake, koma thukuta lake lisadyedwe ndi munthu wina. Ine ndili ndi achiwiriwa, ndipo sindikutsitsa mawu. Munthu wotere sangathamangire ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti la nkhani za apantchito mopanda mantha, poti akuopa kuti pofotokoza chimene anamuchotsera adzipereka yekha m'manja mwa apolisi kapena a chipongwe. Bwana wosafuna kulipira amadziwa zimenezi. Ndipo mphekesera safuna umboni. Lero yagwera amene alidi choncho, mawa igwera mnyamata wangoluka tsitsi, kapena mtsikana wakana bwana, kapena uja amafunsa kwambiri za ndalama za penshoni, zija lamulo limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti wantchito 5.

Odziwa malamulo pakati pathu amakanganirana pa mawu. Ndime 20 ya malamulo aakulu ndi lamulo la zolemba ntchito la 2000 amaletsa tsankho potengera mtundu, chipembedzo, chilankhulo, ulumali, kukhala mwamuna kapena mkazi ndi zina zotero. Za amene munthu amakondana naye sizitchulidwa mwachindunji, ndiye ena akuti zili m'gulu la zina zoterozo, ena akuti zikanafunika akanazilemba. Amene amati kuteteza munthu wotere pantchito sikungayendere limodzi ndi lamulo lomulanga ayang'ane kwa anansi. Mozambique, kumene abale athu a ku Tete ndi Angonia amalankhula chinenero chomwechi, inaletsa tsankho lotere pantchito m'lamulo la 2007, zaka zisanu ndi zitatu isanachotse chilango mu 2015. Botswana inaletsa kuchotsa munthu ntchito pa chifukwa chimenechi mu 2010, khoti n'kudzathetsa chilango mu 2019. Maiko onse awiri anayambira pa malipiro ndi ntchito, mkangano wa zinazo ukadali mkati.

Mphunzitsi wina wopuma amakonda kuponyapo nkhani ya ku Britain, ndipo ndi yoona. Pa sitalaka yaikulu ya m'migodi ya malasha ya 1984 mpaka 1985, gulu la amuna ndi akazi oterewa ku London linkasonkha ndalama m'zidebe kutumiza ku mabanja a ogwira m'migodi ku Wales, anthu a m'midzi ya mapemphero ngati yathuyi. Sitalaka itatha, amigodiwo anakwera mabasi kukayenda nawo pa chionetsero cha anthu oterewa ku London. Omvera ena akuti zimenezo ndi za azungu. Ena akuti njala ilibe mzungu, amene wakupatsa ufa mwana akulira sumufunsa kumene wagona.

Nkhani yosankha amene ayenera kutetezedwa ikayamba, siima pamodzi. Taonani za Dzaleka, kumene kuli anthu oposa 50,000 othawa kwawo amene lamulo siliwalola kukagwira ntchito kunja kwa msasa momasuka. Timati akutilanda malonda, komanso timati ndi akatswiri osoka ndi omanga otchipa. Kutchipako kumachokera pa kusowa kodandaulira, ndipo mmisiri wa kuno akamadabwa kuti mtengo wa ntchito yake watsikiranji, yankho lina lili pomwepo.

Amene amanyoza yuniyoni mokweza kuposa onse ndi anyamata a kabaza. Amati iwo ndi odzilemba okha, alibe bwana, alibe nthawi ya misonkhano. Koma pitani pa siteji iliyonse pa Mponela kapena pa Boma la Ntchisi. Ali ndi tcheyamani, ali ndi msungichuma wa kabuku kake, amasonkha mnzawo akagwa pa njinga kapena akaferedwa, ndipo mafuta akakwera usiku, m'mawa mupeza onse akutchula mtengo umodzi, wotsitsa yekha n'kuitanidwa kuti akafotokoze. Mukawauza kuti imeneyo ndiye yuniyoni amakana ndithu, akuti ndi kugwirizana chabe. Mlendo akafuna kulowa nawo amamufunsa ngati njinga ili ndi mabuleki, ngati amadziwa njira zolowera kumidzi, ndi ngati wabwera ndi ndalama yolowera. Wina pa benchi anafunsa kuti nanga atamveka kuti ndi wa nkhani ija? Theka linati achoke. Theka linati bola azisonkha. Msungichuma anati ndalama yolowera sibwezedwa, ndipo mkangano unakhotera ku funso lakuti ndalamayo ikwere liti.