Kabuku ka gemu kautsa mkangano ku Lupaso

Ku Lupaso masiku ano nkhani ya mtengo wa chimanga yapumulako pang'ono. Mukakhala pa benchi kwa wometa, mukaima pa chiwaya kudikira tchipisi, ngakhale pa siteji ya akabaza, mumva anthu akukangana za kabuku ka malangizo a gemu. Akuti mnyamata wina wochokera ku Joni anatengera mng'ono wake PlayStation 2 yakale, ndipo pansi pa katoni panapezeka disiki ya GTA San Andreas ili m'kabokosi kake kenikeni. Atatsekula anapezamo kabuku ndi mapu aakulu opindapinda, osonyeza mizinda ya Los Santos, San Fierro ndi Las Venturas. Gemu imeneyi inatuluka mu 2004, ndipo anyamata a kuno akhala akumuthamangitsa CJ, munthu amene umamuyendetsa m'gemuyo, m'misewu imeneyo kuyambira ali ku pulayimale, koma ambiri anali asanamvepo kuti imabwera ndi zowerenga. Kabukuko kanayenda m'manja mpaka kuda m'mphepete, ndipo funso linabuka: kodi alipo amene amayamba wawerenga zimenezi asanagwire padi?

Wometa anayankha mashini ali m'mutu mwa kasitomala. Iye akuti palibe, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Gemu kuno siibwera m'bokosi. Imabwera mu flash, wina atakaikitsa mtauni kwa anyamata omwe amaikanso nyimbo ndi mafilimu. Mashini enieniwo ndi ogula kwa wina amene anagulanso kwa wina, padi n'kukafuna ku Taifa Market, chingwe n'kubwereka kwa neba. Pa ulendo wonsewo pepala limatsala m'njira. Ndiye munthu mungamunene bwanji kuti sawerenga chinthu choti sichinamufike n'komwe?

Mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene amakonda kukhala pakhonde la golosale ndi nyuzi yake, sanakhutire. Iwo akuti vuto ndi lakuti ana a masiku ano kuwerenga kunawachoka. Foni akagula, kabuku amataya limodzi ndi pulasitiki. Kapepala ka m'bokosi la mankhwala sakayang'ana. Ndiye ka gemu angakawerenge? Anthu angapo anagwedeza mutu kuvomereza, mpaka mayi wogulitsa mandasi analowererapo.

"Adada, pamenepo ndikukanizani," anatero mayiyo uku akuseka. Iwo anafotokoza kuti tsiku lina akufuna pepala lokulungira mandasi anatsekula kope lakale la mwana wawo, la Agriculture. Kutsogolo kunali manotsi a mbewu olembedwa mothamanga, koma masamba akumapeto anali odzaza ndi mizere yolembedwa mwaudongo, yojambulidwa ndi rula: R1, R2, L1, X, kenaka timivi toloza kumanzere, pansi, kumanja, m'mwamba, ndiyenso kumanzere, pansi, kumanja, m'mwamba. Mayiyo anaganiza kuti ndi masamu atsopano a ku sekondale, ndipo kopelo analisunga bwinobwino pamwamba pa kabati. Anyamata amene anali pomwepo anafa nako kuseka, chifukwa aliyense wa iwo mzere umenewo amaudziwa pamtima. Ukadina mabatani 12 amenewo motsatana mu San Andreas, CJ amachira mabala onse, amavala chotchinga zipolopolo, ndipo m'thumba mumalowa madola 250,000. Ukaphonya limodzi, palibe chimene chichitike.

Apa ine ndili kumbali ya mayi wa mandasi. Mwana amene wakopera mzere wotere kwa mnzake, osalakwitsa ngakhale kamuvi kamodzi, n'kuuloweza, ameneyo amawerenga. Kabuku kamene sanakalandire anadzilembera yekha. Aphunzitsi aja anangoti akanamaloweza choncho matebulo a masamu bwenzi Lupaso yense ali ku Mzuni, ndipo pamenepo palibe amene anawatsutsa.

Koma pamene nkhaniyi yatentha kwambiri ndi m'tizipinda ta magemu, momwe muli TV ziwiri kapena zitatu, mabenchi a matabwa, ndi katani wakuda pakhomo wotchinga kuwala. Mmenemo gemu yaikulu ndi mpira, ndipo anthu anagawikana kale. Pali a FIFA, ya kampani ya EA Sports, ndi a PES, ya Konami. Mayinawa anasintha, PES inakhala eFootball mu 2021 ndipo FIFA inakhala EA Sports FC mu 2023, koma ku Lupaso mukafunsa FC adzakuyang'anani kawiri. Chimene chimadanitsa magulu awiriwa ndi mabatani awiri okha. Mu PES, kuti uwombe shoti umadina batani la kabokosi, ndipo lozungulira ngati ziro ndi la kirosi. Mu FIFA zinatembenuzika: lozungulira ndilo la shoti, la kabokosi ndi la kirosi.

Ndiye taganizani mlendo wochokera ku Chibavi kapena ku Zolozolo, wozolowera PES, walowa modzitama kuti kwawo palibe womugonjetsa. Pa TV pali FIFA, wapatsidwa padi, wasankha Real Madrid, wadyetsa njomba otchinga kumbuyo awiri, watsala yekha ndi goloboyi. Chala chathamangira pa kabokosi. Mpira uja, m'malo mogwedeza ukonde, wakwera pang'onopang'ono kulowera ku mbendera ya pakona. Chipinda chonse chimaphulika. Wina amagwa pa benchi, wina amatuluka panja kukaseka bwino, ndipo mlendoyo amayamba kugwedeza padi n'kumati, "Aise, padi iyi ndi yakufa." Padi yakufa ndiyo imasenza milandu yonse ya m'tizipinda timeneti. Sindinamvepo munthu akuvomera kuti mnzake wamuposa. Nthawi zonse ndi padi, kapena wina anadutsa kutsogolo kwa TV.

Chosangalatsa n'chakuti mankhwala a vuto la mlendoyu ali m'gemu momwemo. Musanayambe mpira pamabwera tsamba losankhira mbali, ndipo pomwepo mukhoza kusintha mabatani kuchoka pa Classic kupita pa Alternate, kabokosi n'kukhala ka shoti monga mu PES. Zinalembedwa poyera pa sikirini. Koma ndani ali ndi nthawi? Ndalama imalipiridwa pa gemu iliyonse, kumbuyo kuli mzere wa anthu odikira, magetsi akhoza kuthima nthawi ina iliyonse, ndipo mwini malo akaona munthu akulowa mu settings mtima umakwera, poopa kuti amusokonezera zinthu. Aliyense amangodina X, X, X mpaka oyimbira aimbe wezulo. Magemu a mpirawa ali ndi malo ophunzirira kumenya mafirikiki ndi mapenate, koma kulipira ndalama kuti ukasewere wekha popanda womuchinya, ku Lupaso amati n'kutaya.

Mtsikana wina wophunzira pa Mzuni, amene amachita lendi cha konkuno, ndiye anabweretsa za kunja. Iye akuti anthu asadzimvere chisoni, chifukwa ngakhale kumene amagula magemu m'sitolo kabukuko kanatha kalekale. Kampani ya Ubisoft inalengeza mu 2010 kuti isiya kusindikiza timabuku ta pepala, ndipo EA inatsatira mu 2011. Lero ukagula disiki ya PlayStation 5 m'kabokosi mumangokhala disiki ndi kapepala kamodzi kapena tiwiri. Malangizo anawalowetsa m'gemu momwemo, ndipo nzeru imeneyi si yatsopano. Super Mario Bros. ya 1985, imene akuluakulu ena kuno anaisewera pa timashini totchipa ta makatiriji, gawo lake loyamba Shigeru Miyamoto ndi anzake a ku Nintendo analikonza kuti likuphunzitse popanda mawu. Kachilombo koyamba kamabwera molunjika kwa iwe kuti uphunzire kudumpha, ndipo bowa akatuluka m'bokosi amagunda paipi n'kubwerera komwe uli, kuti umukhudze ndi kuona kuti ndi wabwino.

Anawonjezeranso kuti m'kabuku ka Mario kakale munalembedwa kuti anthu a m'dziko la bowa analodzedwa n'kusandutsidwa miyala ndi njerwa. Wakabaza wina atamva zimenezi anagwira pakamwa. Akuti ubwana wake wonse wakhala akuswa njerwa zimenezo ndi mutu wa Mario, osadziwa kuti mwina ndi abale a eni ake. Mtsikanayo anatchulanso Tunic, gemu ya 2022 ya kankhandwe, momwe ntchito yaikulu ndi kutolera masamba a kabuku ka malangizo omwazika m'gemumo, ambiri olembedwa m'zilembo zopeka zimene wosewera sangathe kuziwerenga poyamba. Wopanga wake, Andrew Shouldice, anafuna kuti anthu amve momwe mwana amamvera akagwira kabuku ka chilankhulo chachilendo, n'kumangotolamo nzeru pa zithunzi. Anyamata a ku Lupaso akuti zimenezo kwa iwo si gemu yapadera, ndi momwe amasewerera gemu iliyonse.

Madala a bawo pansi pa mtengo nawo anamva, ndipo anangoseka. Maenje 32, njere 64, malamulo a nyumba ndi a kutakata oti mlendo amazunguzika nawo mutu, koma palibe mmodzi wa iwo anaphunzira m'buku. Umaima kumbuyo kwa osewera miyezi ingapo, kenaka tsiku lina wina akapita kukadya amakusiyira mpando. M'kachipinda ka magemu ndi chimodzimodzi. Kabuku ndi mnyamata amene waima kumbuyo kwako akukuwa kuti, "Thirayango, akulu, thirayango! Mponyereni patsogolo!"

Ndimakonda kaphunzitsidwe kameneka, koma kali ndi chilema chimene sitiyenera kuchibisa. Kabuku ka pepala kamauza aliyense mofanana, pomwe mnyamata woima kumbuyo amasankha womuuza. Katswiri wa Mortal Kombat amene amadziwa kuumitsa mdani ndi madzi oundana a Sub-Zero amaphimba padi ndi malaya kuti ena asaone zala zake. Mwana wamng'ono akalira kuti naye asewere, akulu ake amam'patsa padi yosalumikiza, iye n'kumadina mwamphamvu, kusangalala ndi zigoli za eni ake. Atsikana ambiri amathera pakhomo, kusuzumira pa katani, chifukwa mkati mulibe amene angawapatse mpata, ndipo akaupeza n'kulakwitsa kamodzi, chiphwete chake chimakhala choti sabweranso. Ana amenewa nzeru ali nazo. Chimene akusowa ndi munthu woti awauze kuti X ndi pasi, thirayango ndi mpira wa patsogolo, ndipo izi zimakwana pa pepala limodzi.

Za pa foni sitingatayepo nthawi. Dream League Soccer ikayamba kuphunzitsa, chala chimakhala chikusaka kale pomwe alemba Skip. Koma munthu yemweyo akafuna kuveka timu yake malaya ofiira a Bullets kapena abuluu a Wanderers, amawerenga malangizo mzere ndi mzere, kuonera kanema wa pa YouTube kawiri, bandulo n'kutha iye osadandaula. A Moyale nawo akuti asaiwalike, timu ya kwathu konkuno.

Zomwe zamveka kumapeto kwa sabata n'zakuti mwini kachipinda kena watopa ndi milandu ya padi yakufa. Wang'amba katoni ya sopo, wajambulapo padi yaikulu ndi maka, walemba ntchito ya batani lililonse, mbali ina FIFA, mbali ina PES, pansi pake n'kuikapo zinsinsi zingapo za Mortal Kombat, ndipo waikhoma pakhoma pamwamba pa TV. Aphunzitsi aja anapita kukaiona, akuti anapezapo zilembo ziwiri zolakwika ndipo alonjeza kubwera ndi cholembera chofiira. Ana aang'ono akumaima patsogolo pake asanalipire, milomo ikuyenda. Akatswiri ndiwo akwiya. Akuti nzeru zimene iwo anazigula ndi ndalama za mandasi kwa zaka zambiri sizingapachikidwe pakhoma kwaulere, ndipo mmodzi waopseza kuti asamukira ku Luwinga. Mwini malo wamuyankha kuti apite bwino, koma adziwe kuti Loweruka kuli mpikisano, woluza ndiye alipira, ndipo kamtsikana kena ka Sitandade 7 kalembetsa kale dzina.