Dambo Likauma, Moto Ukazimira Kuti?

Mwambi wakuti "akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto" wagwira ntchito kwambiri m'dziko muno, moti ukanakhala munthu bwenzi ukulandira penshoni yoposa ya akuluakulu eniakewo. Umamveka pa chinkhoswe, pa bwalo la milandu, pa maliro, ngakhale pa msonkhano wa chipani anyamata akayamba kuponyerana mipando. Osaka mbewa akayatsa tchire mwezi wa Seputembala, moto umathamanga ndi mphepo mpaka kukafika kudambo kumene nthaka ndi yonyowa, udzu udakali wauwisi, n'kuzimira komweko. Mkangano wa pabanja nawonso umalilima mpaka ukafike pakhonde la agogo. Koma amene anapeka mwambiwu ankalidziwa bwino dambo. Ankadziwa kuti chozimitsa motocho ndi madzi, ndipo kuti madzi amaphwa. Ife tinatolapo mbali yokoma yokha, yoti dambo litipulumutse, funso loti madziwo azichokera kuti n'kulisiya pomwepo.

Taonani katundu amene tinawasenzetsa agogo. Edzi itasesa makolo ambiri m'zaka za m'ma 1990, ana amasiye anathera kwa agogo. Bambo akapita ku Joni, ana kwa agogo. Mwana akayamba kusuta chamba ku Ndirande kapena ku Kawale, chigamulo cha banja n'chakuti apite kumudzi akaphunzire mwambo, ngati kuti mayi wa zaka 75 wodwala nyamakazi ndiye angathamangitse mnyamata amene walephereka kwa bambo ake ndi apolisi omwe. Nkhalamba imodzi yomweyo ndiyo mkombaphala, ndiyo khoti, ndiyo nkhokwe yotapako chimanga tikapita kukacheza. Malipiro ake? Chitenje pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ndi paketi ya shuga pa Khirisimasi. Lamulo la penshoni limene linabwera mu 2011 linaona anthu olembedwa ntchito, pamene mayi amene wagwira khasu zaka makumi asanu analibe bwana womudulira kangachepe pamwezi. Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, imafikira mabanja ovutikitsitsa okha, ndipo ukalamba pawokha sulowetsa munthu m'kaundula.

Komabe tikamva za nyumba zosungirako okalamba za ku Ulaya timagwira pakamwa. Azungu alibe umunthu, timatero, amataya makolo awo kwa anthu achilendo. Choseketsa n'chakuti achilendowo ndi ana athu. Mu Febuluwale 2022 boma la Britain linatsegula khomo kwa osamalira okalamba ochokera kunja, ndipo anthu a ku Zimbabwe, Nigeria ndi India anakhamukirako, a kuno ndi a ku Zambia nawo osatsalira. Mnyamata wa digiri amene kwawo sanatsukepo kapu lero ali ku Leeds kapena ku Luton, kusambitsa agogo a eni ake, kuwasintha matewera, kuwatembenuza usiku kuti asachite zilonda, n'kumalemba m'buku kuchuluka kwa madzi amene amwa. Akatumiza mapaundi timati Mulungu wamuonekera. Mlongo wake akamachita ntchito yomweyo kwa agogo awo ku Ntcheu, timati akungokhala. Khomo lija linayamba kutsekeka mu Malichi 2024 pamene analetsa kubwera ndi mabanja, ndipo mu Julayi 2025 analeka kulemba atsopano ochokera kunja. Nyumbazo si paradaiso ayi: Covid-19 inapha okalamba ambiri mmenemo mu 2020, kusungulumwa kulimo, ndipo antchito ena anaberedwa ndalama ndi madobadoba ogulitsa mapepala a ntchito. Koma pali chimodzi chimene anzathuwo anavomereza ife tikuchikanabe, chakuti kusamalira wokalamba ndi ntchito. Ili ndi maphunziro, mashifiti, malipiro, ndi oyendera a bungwe la Care Quality Commission amene angatseketse nyumba yosasamala.

Kwathu kuno ntchitoyi imagwera amene walephera kuthawa. Kawirikawiri ndi azakhali amene banja linatha, kapena mdzukulu wamkazi wa Sitandade 7 amene amauzidwa kuti ayambe wadikira, sukulu sithawa. Ena onse ali pa gulu la WhatsApp la banja, limene chithunzi chake ndi agogo atavala duku latsopano. Wina akalemba kuti mapiritsi a BP atha, gulu lonse limachita zii, kenaka kumabwera timanja topemphera tisanu ndi vesi limodzi. Netiweki imavuta modabwitsa pa nkhani ya mapiritsi. Koma tsiku limene agogowo atsikira kulichete, netiweki imachira yokha: pofika madzulo komiti yakhazikitsidwa, msungichuma wasankhidwa, ndalama zikulowa pa Airtel Money ndi pa Mpamba, bokosi lagulidwa lonyezimira, ng'ombe yagwa, ndipo amene sanadye nyama chaka chonse akuperekezedwa ndi fungo lake. Pamandapo wolankhula m'malo mwa banja amati tataya dambo lozimira moto, anthu n'kuvomera ndi mitu.

Wina anena kuti zosungira makolo kumalo achilendo si chikhalidwe chathu, ndipo akunena zoona. Palibe akupempha kuti agogo a ku Mitundu akatsekeredwe m'chipinda chokhala ndi nambala pachitseko. Kumeneko ndiye kulisamutsa dambo kupita kumene moto sufika, ndipo mudzi wopanda nkhalamba umapsa ndi timilandu ta nkhuku. Koma chikhalidwe chimene tikuchitetezacho chinamangidwa pamene ana aakazi ankamanga nyumba kuseri kwa nyumba ya mayi awo, mkamwini n'kumalima pomwepo, mbale za nsima n'kumachokera m'makomo anayi. Lero ana anayiwo ali ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Cape Town ndi ku Dublin. Mwambo unatsala, manja anachoka. Ndiponso matenda a ukalamba safuna chikondi chokha. Munthu wofa ziwalo ndi sitiroko amafuna womunyamula modziwa, wa shuga amafuna womuyeza, ndipo amene ubongo wayamba kuiwala amafuna anthu omvetsa kuti kuyenda usiku osavala ndiponso kutchula mayina a akufa ndi matenda. Apa nthabwala zimatha, chifukwa kumene kulibe omvetsa, nkhalamba yotere imatchedwa mfiti. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Lamulo loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti lilipo kuyambira 1911, ndipo bungwe loona za okalamba la MANEPO lakhala likudandaula chaka ndi chaka za okalamba ophedwa motere. Moto umene tinkati ukazimire kudambo ndi womwewo ukutentha dambolo.

Wina anena kuti dziko ndi losauka. Lesotho si dziko lolemera, koma kuyambira 2004 limapereka penshoni kwa okalamba a zaka 70 kupita m'tsogolo, ndipo Zanzibar inayamba zomwezo mu 2016. Kalembera wa 2018 anapeza kuti opitirira zaka 60 kuno ndi pafupifupi mmodzi mwa anthu makumi awiri alionse, gulu lochepa poyerekeza ndi Japan, kumene pafupifupi atatu mwa anthu khumi apitirira zaka 65 ndipo kuyambira 2000 aliyense wofika zaka 40 amasonkha inshuwalansi ya chisamaliro cha paukalamba. Nthawi yokonza zinthu ndi ino okalamba adakali ochepa. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, zimene n'zoyamikika, kungoti lamulo silitunga madzi kapena kuchapa zofunda. Zochapa zofundazo tinazichitapo kale: nthawi ya Edzi magulu odzipereka ankayendera odwala khomo ndi khomo, amayi a Mvano ndi a Dorika amayendera odwala mpaka lero, ndipo midzi imene inatha kumanga mkombaphala wa ana singalephere khumbi loti nkhalamba zizikumanapo masana, kudya phala, kuyezedwa BP ndi alangizi a zaumoyo, ndi kujeda azipongozi mwamtendere, madzulo aliyense n'kukagona kwake.

Otsutsa ouma mutu kwambiri ndi amene amati chikondi sichigulidwa, kulipira munthu kuti asamale mayi ako n'zochititsa manyazi. Anthu omwewa amalipira mlonda wa galimoto, wotchetcha kapinga ndi wosambitsa galu, osamva manyazi. Kulipira azakhali amene asiya geni yawo kuti akhale ndi agogo sikuchotsa chikondi chawo, kumangowathandiza kugula sopo osayamba apempha. Kumapatsanso banja mphamvu yofunsa ngati mankhwala amwedwa, chifukwa munthu amene sumupatsa kanthu sungamufunse kanthu. Ndipo wina akamulandirako Loweruka ndi Lamlungu kuti akapume, mdzukulu uja n'kubwerera kusukulu, palibe mzimu wa makolo umene ungakwiye. Banja silifunikanso kuphunzitsidwa kayendetsedwe kake, pakuti luso losonkhetsa ndalama mwachangu lili nalo kale. Ingofunika komiti ya maliro ija iyambe ntchito zaka khumi mwambo usanafike, mwini nyamayo adakali ndi mano awiri atatu otafunira. Msungichuma alipo, buku ali nalo, ndipo mayina a amene foni zawo zimathima tsiku losonkha amawadziwa pamtima.