Mlonda Wamkulu wa pa Diamphwe

Mlembi wanu, yemwe amakhala chakufupi ndi mlatho wa Diamphwe, pomwe boma la Lilongwe limathera ndipo la Dedza limayambira, wakhala akudzitama kuti pa nkhani ya chitetezo palibe womuposa. Pachitseko pake pali mpiringidzo ndi maloko awiri. Mbuzi zake zinayi zidasamuka m'khola, zimagona pabalaza, moti mlendo akafika m'mamawa safunsa kuti zagona kuti. Mphuno imamuuza.

Wenzulo ali nayo. A chitetezo cha m'mudzi adalangiza kuti ukamva kugogoda usiku usatuluke wekha, uimbe wenzulo anthu adzuke. Mkuluyu adaimba kawiri mwezi umodzi. Koyamba mudzi wonse udathamanga ndi zibonga n'kupeza nkhumba ya mnansi ikudzikanda pakhoma. Kachiwiri adali apongozi, akuchokera kumaliro.

Mayeso enieni adabwera fodya atagulitsidwa ku Kanengo. Chiyambire 2022, pomwe ndalama yapepala ya K5,000 idatuluka, thukuta la chaka chonse limakwana m'sokosi imodzi, ndipo ndi momwe iye adaika ndalama zake. Vuto lidali lakuti kuchokera ku Lilongwe mpaka pa Nathenje ankangoweramira mwendo womwewo kuti aone ngati zilipo. Ngakhale mwana wa pamsana m'minibasimo adadziwa pomwe pali chuma.

"Abambo, kaikeni ndalamazo m'foni," adatero mayi akunyumba. "Sokosi si banki."

Adamvera, ndipo adachita bwino, pakuti tsiku la msika pa Mitundu anyamata opisa m'matumba sasowa. Koma chikho chachitatu cha masese chitatsika, adaimirira n'kulengeza kwa onse omwe adali pamowapo kuti chaka chino mbava zilira, chifukwa zonse zili m'kafoni aka. Adakakwezanso m'mwamba kuti akumbuyo akaone bwino.

Patapita masiku awiri foni idalira. Mawu aulemu, a munthu wophunzira, omutchula dzina ndi mfunda womwe. Akuti akuimba kuchokera ku kampani ya mafoni, ndipo nambala yake siidalembetsedwe bwino, itsekedwa madzulo omwewo ndi ndalama zomwe. Nkhaniyo idamveka yoona, poti mu 2018 aliyense adakalembetsadi nambala yake ndi chiphaso cha unzika. Chofunika chidali chaching'ono: angotchula nambala yachinsinsi ndi kudina zomwe auzidwe.

Makampani a mafoni amachenjeza pawailesi mobwerezabwereza kuti wantchito wawo safunsa nambala yachinsinsi. Mlembi wanu uthengawo adaumvapo kambirimbiri, ndipo adafikapo pokalipira nawo mphwake. Koma tsikulo adatchula manambala onse anayi pang'onopang'ono, n'kubwerezanso kuopa kuti bwanayo angalembe molakwa. Pomaliza adathokoza.

Kupolisi ya Nathenje, wapolisi wolemba madandaulo adafunsa ngati akubawo adathyola chitseko.

"Ayi bwana, maloko onse ali bwinobwino."

"Nanga adalowera pati?"

Mlonda wamkulu uja adaloza khutu lake lakumanja.

Mayi akunyumba sadanene zambiri. Adangotenga foni ija, n'kusintha nambala yachinsinsi, ndipo mpaka lero mwini wake saidziwa. Ntchito yomwe adamusiyira ndi yotseka mpiringidzo ndi kusesa pabalaza m'mawa. Mbuzi zikugonabe pomwepo, koma tsopano zilipo zitatu. Inayo idapita ku msika wa Mitundu kukasanduka feteleza.